Kugwetsa kwacha kapena kuteteza mlimi?

Chuma chikavuta boma limakhala ndi njira ziwiri, ndipo alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu anazilawa zonse.

Yoyamba ndi yosiyira msika: kugwetsa kwacha, kuchepetsa ndalama zomwe boma limagwiritsa ntchito, kenaka kulandira ngongole ya IMF, bungwe la padziko lonse lobwereketsa ndalama kumayiko. Boma la a Lazarus Chakwera linagwetsa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Oikira kumbuyo njirayi amati madola abwerera m'mabanki. Koma feteleza ndi mafuta timagula kunja ndi madola omwewo, pomwe mlimi wa ku Bembeke kachewere wake amagulitsa pa Lizulu ndi kwacha yofooka ija. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa ngongolezo sanatenge ndi iyeyo.

Yachiwiri ndi ya otsutsa njira yoyamba ija, amene amaima ndi osauka ndi apantchito: boma lilowererepo, liteteze sabuside, lipatse ADMARC ndalama zogulira chimanga nthawi yokolola, olemera alipire msonkho wochuluka. A Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi mu 2005 mabungwe akunja akunyinyirika, chimanga n'kuchuluka. Zovuta zinalipo ndithu: katangale pa makuponi, komanso kusowa kwa madola ndi mafuta mu 2011. Komabe ine ndili mbali iyi, bola mayina a olandira aziwerengedwa poyera pamudzi, mafumu ndi anthu onse akumva.