Chubu cha Microcuff pa opaleshoni ya mtima ya ana

Chubu chopumira cha Microcuff, cholowetsedwa pakhosi m'njira ya mpweya, n'chodalirika kwa mwana wochitidwa opaleshoni ya mtima. Kabaluni kake n'kopyapyala, kamatseka njira popanda kupopa mpweya wambiri, motero pakhosi sipatupa msanga. Saizi 3.0 ndi ya khanda lolemera makilogalamu 3 kapena kuposa mpaka miyezi 8; 3.5 mpaka zaka 2. Mwana wa Down syndrome mpatseni chocheperako.

Kabaluniko kayezeni ndi geji yoyezera mphamvu ya mpweya, kasapitirire 20 cmH2O, apo ayi kamasiya chipsera chochepetsa njira m'munsi mwa kholingo. Chotidetsa nkhawa n'chakuti chilibe bowo lam'mbali kumsonga: makhololo okhuthala amachitseka mosavuta, choncho muziwakoka pafupipafupi.

Mawu a mwana akasasa atamanga PDA (mtsempha wa magazi wapafupi ndi mtima umene sunatsekeke mwana atabadwa), musafulumire kunamizira chubu. Kawirikawiri ndi mtsempha wa mawu wakumanzere umene wavulala; unikani kholingo.