Samsung Galaxy A15: m'manja ili bwino, m'thumba imafuna chisamaliro

Pa batire ndi sikirini, Galaxy A15 ilibe mlandu. Batire yake ya 5000 mAh imafika madzulo ngakhale data ikhale yoyatsa tsiku lonse, ndipo sikirini ya Super AMOLED imawerengeka ndithu panja padzuwa. Koma foni imakhala m'manja nthawi yochepa chabe. Nthawi yotsalayo imakhala m'thumba, m'chikwama kapena pachifuwa, ndipo mavuto a foniyi ali kumeneko. Ndaipatsa nyenyezi 3 mwa 5.

Ndi yaitali mamilimita 160, m'lifupi pafupifupi 77, ndipo imalemera magalamu 200 musanaiveke kava. M'thumba lakutsogolo la buluku lachimuna imalowa, kungoti mukakhala mopanikizana mu minibasi ngodya yake imabaya pantchafu. M'matumba ambiri a jinzi zachikazi simalowa yonse, mutu wake umasuzumira kunja, zomwe opisa m'matumba amakondwa nazo. Thumba la malaya musayese n'komwe: mukangowerama, foni ili pansi.

Thumba lakumbuyo ndiye loopsa kwambiri. M'mphepete mwa foniyi ndi mwa pulasitiki, choncho mukaikhalira imapindika pang'ono. Galasi lapamwamba limatha kupirira, koma AMOLED yomwe ili pansi pake ndi yopyapyala, imasweka mkati. Poyamba mumaona kadontho kakuda pakona kapena mzere wobiriwira, kenako dontholo limafalikira ngati inki. Kusintha sikirini yotere ndi kodula kuposa ya mtundu wina wotchedwa LCD, ndipo okonza mafoni ena amangoikapo ya LCD yotchipa, kuwala kuja n'kutheratu.

Chowerengera chala anachiika pa batani loyatsira, lomwe lili pakamtunda kambali yakumanja. Pogwiritsa ntchito ndi chofulumira. Vuto limabwera mukamayenda mutaifumbata: chikhatho chimangogunda batanilo, foni n'kumayesa kuti ndi chala cholakwika, ndipo mukafuna kuitsegula imakuuzani kuti mudikire kapena mulembe PIN. Poilowetsa m'thumba zimachitika mosiyana, chala chachikulu chimaitsegula osadziwa, ikatero imayamba kudzidina yokha, mwina mpaka kuimbira munthu. Izi zimakonzeka. Mu Settings fufuzani Fingerprint always on, muzimitse, kuti chala chiziwerengedwa pokhapokha sikirini itayaka. Mu Advanced features, pa Motions and gestures, zimitsani Double tap to turn on screen komanso Lift to wake. Pomaliza yatsani Accidental touch protection mu Display, ngakhale payokha si yodalirika kwenikweni, poti foniyi ilibe kachipangizo kakekake kozindikira kuti yaphimbidwa, imangoyerekeza. Mukatero muziika sikirini moyang'ana kuthupi kuti ikagundidwa, pagundidwe kumsana.

Kwa amayi amene amasunga foni mu kamisolo kapena kuipanira m'chitenje m'chiuno, A15 si yoyenera. Ilibe chizindikiro cha IP chotsimikizira kuti imapirira madzi, ndipo bowo la tchaja, la mahedifoni ndi sipika zonse zili m'munsi, pamzere umodzi. Thukuta lili ndi mchere. Likalowa m'bowo la tchaja la USB-C timawaya tamkati timachita dzimbiri, foni n'kuyamba kutchaja modukizadukiza. Palinso kutentha: Samsung amalangiza kuti foni izigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, pomwe thupi la munthu lili pa 37. Batire yokhala pakhungu tsiku ndi tsiku, makamaka mu Okutobala, imakalamba msanga.

Amene amanyamula m'thumba akumana ndi vuto lina. Tiulusi ta nsalu ndi fumbi zimalowa m'bowo la tchaja, ndipo nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumazitsendera mkati. Chizindikiro chake n'chakuti tchaja silowanso mpaka kumapeto, imagwedera. Musathamangire kugula ina. Zimitsani foni, tengani kamtengo kotokosera mano, mukasongole kuti kapyapyale, n'kupala pang'onopang'ono pansi pa bowolo mozungulira kalilime kapakati, osakakankha. Singano kapena pini ayi, chitsulo chimagundanitsa timawaya tija.

Makamera atatu akumbuyo anatuluka aliyense payekha, ndiye ndi amene amayamba kukhudza tebulo kapena simenti. Pogula kava onani kuti milomo yake yakwera kuposa makamerawo, komanso kuposa sikirini mutamata kale galasi loteteza. M'chikwama ipatseni kathumba kakekake. Ambiri amaopa makiyi ndi makobidi, koma chokanda galasi kwenikweni ndi mchenga wotsalira pansi pa chikwamacho, chifukwa ndi wolimba kuposa galasi.

Chondikhumudwitsa kwambiri n'chakuti palibe kabowo komangirira chingwe. Mafoni ambiri akale a mabatani anali nako, ndipo n'zodabwitsa kuti kanasowa pomwe mafoni akula ndi kuterera. Kwa wa kabaza kapena wogulitsa pamsika, amene manja onse ali pantchito, njira yake ndi kava yokhala ndi chingwe chokoleka paphewa modutsa pachifuwa. Sankhani yomwe chingwe chake chamangidwa pa ngodya ziwiri za kavayo. Ija ya kapepala kolowetsa mkati n'kutulukira pabowo la tchaja imang'ambika pakhosi pa kapepalako ndi kulemera kwa foniyi, ndipo kapepalako kakakhala kokhuthala kamatchinga tchaja kulowa bwino.