Anandisinthira sensa ya tayala lolakwika, madala ena ndiwo anapulumutsa zinthu

Garaja imene ndinakakonzetsako galimoto yanga ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za munthu mmodzi yekha.

Sienta yanga inayatsa kalaiti kochenjeza kuti ABS, makina othandiza kuti matayala asaume poponda buleki, yavuta tikuchokera ku maliro ku Mitundu, msewu uli matope okhaokha. Mabuleki ankagwira ndithu, koma nyengo ya mvula ino sindinafune kuyenda choncho, poti ABS ikazima, ukaponda buleki mwadzidzidzi pa tala wonyowa matayala amauma galimoto n'kumangotsetsereka. Ndimanyamula ana m'mawa uliwonse. Ndiye ndinapita ku garaja ina mu Lilongwe muno imene anzanga akuntchito amaitama.

Analumikiza kamakina kawo kunsi kwa chiwongolero, kanaonetsa nambala ya vuto, C0205. Mnyamata amene anandilandira anati, "Mami, sensa ya liwiro ya tayala lakutsogolo kumanzere yafa, tingosintha." Ya diagnosis, yopimira vuto ija, ndinalipira, ndinaonjezanso ya sensa yatsopano ndi ya leba. Ndinakhala pa benchi maola atatu. Potuluka kalaiti kanali katazima, koma ndisanafike n'komwe pa raundabauti kanayakanso.

Kubwerera, mayi wa pa kauntala sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Akuti mwina ndi vuto lina, ndilipirenso diagnosis. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinatuluka, ndinapinda chiwongolero, n'kugwada pa fumbi ndi chitenje changa chomwe kusuzumira kuseri kwa matayala. Waya watsopano wonyezimira anali mbali ya dalaivala! Mbali ya pasenja, waya wakale ali mbuu ndi matope, palibe anamukhudza. Galimoto zathuzi dalaivala amakhala kumanja, ndipo manja ndi manzere a galimoto amawerengedwa munthu utakhala pa mpando kuyang'ana kutsogolo. Mnyamata uja anaima kutsogolo kwa boneti kuyang'anizana ndi galimoto, n'kutsata dzanja lake lamanzere. Nditamuonetsa anayamba kukangana nane, akuti azimayi zagalimoto sitizidziwa. Mawu amenewo mpaka lero akundipweteka kuposa ndalama.

Phokosolo ndi limene linatulutsa madala ena kunsi kwa pikapu. Anapukuta manja, anandipepesa asanafunse chilichonse, kenako anati, "Amayi, tiyeni tiizungulitse pang'ono." Anandipatsa kamakina kaja kuti ndigwire ndekha iwo akuyendetsa. Matayala atatu ankaonetsa liwiro la 30 pa sikirini, lakutsogolo kumanzere lili pa 0 osasuntha. Titabwerera anaika jeke, anachotsa tayala, anamasula kabawuti kamodzi ndi sipanala ya 10, n'kuisolola sensa pang'onopang'ono kuti isathyokere m'dzenje mwake. Kunsonga kwake kunali matope ndi tizitsulo tating'ono tomatirira. Anapukuta, koma anati vuto lenileni si limenelo. Anatsata waya ndi chala mpaka anapeza pamene kachogwirira kanathyoka, waya n'kumakhula ku tayala mpaka kuduka mkati. Analumikiza ndi soda yowotcherera mawaya, anakulunga bwino, anamangirira kutali ndi tayala. Mphindi 40 sizinakwane. Tinazunguliranso, matayala onse anayi akuwerenga mofanana. Lero patha milungu itatu, kalaiti sikanayakenso.

Ndinafunsa ngati sensa yatsopano ija angaisamutsire kumanzere. Anandionetsa kuti yakumanja ndi yakumanzere zimasiyana tizitsulo togwirira, siingakhale bwino. Anandichenjezanso kuti pa galimoto zambiri zotere sensa yakumbuyo imakhala pa habu penipeni, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, ndiye ikadzavuta ndisadzadabwe ndi mtengo. Iwowo sanalandire kanthu, ngakhale ya Fanta anakana.

Chifukwa cha bambo amenewa mkwiyo wanga unatsikako, ndipo sindinganene kuti garajayi ndi yachabe. Zida ali nazo, munthu wodziwa ntchito alipo. Koma ku kauntala anakanitsitsa kundibwezera ndalama ya sensa imene galimoto yanga sinkaifuna, akuti zamagetsi zikangomangidwa sizibwerera. Yakale ija, yabwinobwino, anandipatsa m'kajumbo, ili mu buti mpaka pano. Mukapitako funsani madala a imvi amene amagwira kumapeto kwa shedi, ndipo tayala lisanachotsedwe uzani mnyamatayo aloze ndi dzanja mbali imene akufuna kumasula.