Ankhoswe, apolisi, Legal Aid kapena loya: pangano logawana katundu likalembedwe kuti banja likatha ku Salima?

Banja likatha, phokoso lalikulu silikhala pa chisudzulo chenichenicho ayi. Limabuka pa nyumba ya malata, pa boti ndi injini yake ku Senga Bay, pa munda wa mpunga ku Lifuwu, ndi pa funso loti fizi ya ana azilipira ndani. Ambiri amagwirizana bwinobwino mpaka kusainirana, koma pakatha miyezi ingapo wina amayamba kuzemba. Apa m'pamene anthu amazindikira kuti pepala la pamaso pa ankhoswe, la ku polisi ndi lodindidwa kukhoti salemera mofanana.

Musanasankhe kopita, dziwani chimene lamulo lakupatsani kale. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati ukwati ukatha mkazi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chithandizo cholingana ndi mapezedwe a mwamunayo ndi zosowa za ana. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa liganizire zimene aliyense anaikapo, ndipo ntchito za pakhomo zimawerengedwa: kuphika, kulera ana, kulima, kuyanika usipa pathandala. Lamulo lomweli limazindikira ukwati wa chinkhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa kwa DC, ngakhalenso wa anthu amene akhala limodzi ngati banja zaka zosachepera zisanu. Choncho mawu aja oti "ndalama zinali zanga, iwe unkangokhala" alibe mphamvu imene eni ake amaganiza.

Tiyambe ndi ankhoswe, poti ndi kumene aliyense amayambira. Ubwino wawo ndi woti salipiritsa, ali pafupi, ndipo nkhani amaidziwa kuchokera kumayambiriro. Amakumbukira kuti mbuzi zija zinachokera kwa amalume a mkazi, kuti malata anagulidwa chaka chimene mtedza unachita bwino. Loya wa ku Lilongwe zimenezi sangazidziwe. Pa ukwati wa chikamwini amadziwanso udindo wa mwamuna womangira mkazi nyumba kwawo, udindo umene makhoti amaulemekeza, ndipo nthawi zambiri amalamula kuti nyumbayo imangidwe kapena aperekedwe ndalama m'malo mwake.

Zofooka zawo ndi ziwiri. Choyamba, nkhoswe aliyense ndi mbale wa mbali imodzi, ndiye mbali imene ili ndi mawu pamudzi ndi imene imapambana. Si zachilendo kuona mayi akuchoka ndi mapoto, ndowa ndi mphasa, bambo n'kutsala ndi njinga yamoto ya kabaza, onse n'kumati agawana. Chachiwiri n'chachikulu: ankhoswe alibe chokakamizira munthu. Mwamuna akasamukira ku Dwangwa kukadula nzimbe kapena kulowera ku Joni, pepala lija limangokhala umboni woti analonjeza, osati lamulo lomugwira. Amfumu, abusa ndi mashehe ali m'gulu lomweli. Mawu awo amamveka kuposa a ankhoswe, makamaka amfumu pa nkhani ya malo a makolo, koma nawonso sangatume asherifu, anthu a khoti olanda katundu wa wozemba.

Ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa imene anthu amangoiti VSU, ndi koyenera kuthamangirako ngati pali nkhanza, kuopsezana kapena wina wayamba kugulitsa katundu usiku. Amayitana mbali zonse, amalemba zimene mwagwirizana, ndipo yunifomu imachititsa anthu ena kumva. Koma apolisi sathetsa ukwati ndipo sagawa katundu. Pamene pali kumenyana, chofunika ndi chiletso cha khoti pansi pa lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006, chimene chingathenso kunena amene atsale m'nyumba pamene nkhani ikukambidwa. Pangano losainidwa ndi munthu wamantha si pangano, ndipo sitilangiza aliyense kukambirana za katundu asanatetezeke.

Njira imene anthu amaiderera ndi yopita okha kwa majisitireti. Pa ukwati wa chinkhoswe simufunika loya kuti mlandu ulembedwe: mumafotokozera kalaliki, mumalipira ndalama ya samani n'kulandira lisiti, winayo amapatsidwa samaniyo, ndipo mlandu umamveka m'Chichewa, ankhoswe ali pomwepo ngati mboni. Ngati munagwirizana kale kumudzi, tengani pepalalo mukapemphe woweruza kuti alisandutse chigamulo cha khoti. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Likadindidwa, wozemba akhoza kuitanidwanso, katundu wake kulandidwa ndi asherifu, kapena kuimbidwa mlandu wonyozera khoti. Kalata yotsimikiza kuti ukwati watha, imene maofesi amailandira, imachokeranso komweko.

Koma majisitireti ali ndi malire. Saweruza za umwini wa malo amene si a makolo, ndipo pali mulingo wa ndalama umene sangadutse. N'chifukwa chake zimachitika kuti ukwati wathera pa boma pa Salima, koma nyumba ya pa Kamuzu Road yokhala ndi mapepala a lizi yatumizidwa ku Bwalo Lalikulu ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ukwati wa kwa DC nawo nthawi zambiri umakathera komweko. Kumeneko zonse zimayenda ndi zikalata za Chingerezi ndi malumbiro olembedwa, ndipo kupitako wekha n'kudzivuta.

Ndiye pali Legal Aid Bureau, imene inayamba kugwira ntchito payokha mu 2015. Iwo amakupatsani loya weniweni wokhoza kulemba pangano ndi kukuyimirani mpaka ku Bwalo Lalikulu. Amayamba aona mapezedwe anu ndi kulimba kwa mlandu wanu. Wosauka salipira, wopezako pang'ono akhoza kuuzidwa kusonkhako. Chovuta ndi kuchuluka kwa milandu poyerekeza ndi maloya, ndiye muyembekezere kudikira ndi kumakumbutsa. Mumafulumiza zinthu mukapita ndi zonse tsiku loyamba: chitupa cha unzika, kalata ya ukwati kapena mayina a ankhoswe, makadi a ana, malisiti, ndi mndandanda wa katundu wolembedwa kale. Dziwaninso kuti loya mmodzi sayimira mbali ziwiri. Mwamuna akapeza wake, musalole kuuzidwa kuti "yemweyu atilembera tonse". Iyeyo akuteteza amene wamutuma.

Maparaligo a m'mabungwe ali pakati. Amalongosola lamulo m'Chichewa, amathandiza kulemba ndi kuyanjanitsa, ndipo amadziwa khomo loti mugogode, koma sakulankhulirani m'khoti. Amayi angayesenso bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association, limene limatenga milandu ina mwaulere.

Loya wolipira ndiye wachangu, ndipo pa katundu wina alibe wolowa m'malo: nyumba ya lizi, galimoto, malo ogona alendo kunyanja, ngongole ya kubanki imene chikole chake ndi nyumba. Iye amakafufuza ku ofesi ya malo kuti pepalalo lili m'dzina la ndani ndiponso ngati silinapinyolitsidwe, chinthu chimene ankhoswe sangachite. Amadziwanso zigamulo zakale, monga cha mu 2020 pamene Bwalo Lalikulu linati mkazi amene anavutikira maphunziro a mwamuna wake ayenera kulipidwa banja litatha. Mtengo ndi umene umaluma. Maloya ambiri amakhala ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndiye ulendo uliwonse wobwera kuno, ngakhale mlandu utaimitsidwa, mafuta ndi anu. Gwirizanani malipiro polemba musanayambe, ndipo tsimikizani ku Malawi Law Society kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Njira yotsika mtengo ndi kumulipira kuti angolemba kapena kuwerenga panganolo, inu n'kukalipereka nokha kwa majisitireti. Kulemba loya pa mlandu wa mbuzi zinayi ndi wailesi n'kugulitsa ng'ombe kuti uwombole nkhuku.

Kulikonse kumene mungapite, mapangano ambiri amafera pa kalembedwe. "Bambo azithandiza ana" si kanthu. Lembani kuchuluka kwa ndalama, tsiku la pamwezi, ndi njira yotumizira. Airtel Money kapena Mpamba ndi yabwino chifukwa imasiya umboni, pamene ya pamanja imakanidwa mawa. Ndalama yokhazikika imafookanso msanga. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anagwirizana chiwerengero chouma nthawi imeneyo isanafike anatsala ndi ndalama yosagula kanthu. Ndi bwino kulemba kuti fizi, yunifomu ndi mayeso azilipira mwachindunji kusukulu, chimanga chikhale matumba akutiakuti a makilogalamu 50 pokolola, ndipo ndalamayo iziunikidwanso chaka ndi chaka.

Katundu atchulidwe moti mlendo angamuloze. Pa boti, lembani injini ndi nambala yake, khoka la chilimira, nyale ndi mabwato ang'onoang'ono, chifukwa wina amapereka thupi la boti lokha atachotsa injini, yomwe ndi ndalama yeniyeni. Pa njinga yamoto kapena galimoto, ikani tsiku losinthira dzina pa buluu buku ku Road Traffic ndi amene alipire. Nyumba yomangidwa pa malo a makolo a mmodzi singagulitsidwe kuti mugawane, pakuti malowo ndi a mbumba. Chimene chimawerengedwa ndi malata, njerwa, simenti, zitseko ndi ntchito, ndipo wotsalayo amabwezera wochokayo gawo lake, tsiku lomaliza kulipira litalembedwa. Ngongole musaziiwale. Ya banki mkhonde imene mayi anatenga m'dzina lake kuti bambo agulire mafuta a boti imatsala pamutu pa mayiyo ngati pepala silinena kanthu.

Za ana, khoti silimangidwa ndi zimene makolo agwirizana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika patsogolo ubwino wa mwanayo, osati mwambo woti ana ndi akuchikazi kapena akuchimuna, ndipo woweruza akhoza kufunsa a ofesi yosamalira anthu kuti akaone pakhomo. Pangano loti "tenga nyumba koma usadzandifunse za ana" silimuchotsera bambo udindo.

Tikaika zonsezi pamodzi, kwa banja la chinkhoswe la ku Khombedza kapena ku Ngodzi lokhala ndi munda, ziweto ndi nyumba ya pamudzi, ankhoswe akambirane, paraligo alembe, majisitireti adinde, loya safunika. Pakakhala mapepala a malo, galimoto kapena bizinesi, yambani ndi Legal Aid ngati m'thumba muli mopepuka, loya wolipira ngati katunduyo akuposa kutali malipiro ake, ndipo musasaine chilichonse kumudzi iwo asanachiwerenge. Tsiku losaina, aliyense atenge kope yakeyake yokhala ndi chidindo ndi nambala ya mlandu, ina isungidwe kwa nkhoswe, ndipo muijambule pafoni, chifukwa pokadandaula kuti winayo wasiya kulipira, kalaliki adzayamba wafunsa nambala imeneyo.