Kabuku ka ndakatulo kamene ndinagulira mwana wanga wa Fomu 4

Ndinagula kabukuka kumayambiriro kwa teremu yachiwiri, nditaona kuti mtsikana wanga akulephera gawo la ndakatulo pa phunziro la Chichewa pamene mayeso a MSCE ali pakhomo. Takhala tikukagwiritsa ntchito miyezi itatu tsopano, ndipo ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Mwanayu ankaloweza matanthauzo onse. Ukamufunsa kuti chibwereza n'chiyani, amayankha osaphonya. Koma ukamupatsa ndakatulo kuti aloze pamene pali chibwerezacho, amangoyang'ana pansi. Apa ndi pamene kabukuka kathandiza kwambiri. Sikayamba ndi matanthauzo ayi. Kamayamba ndi nyimbo za pamtondo ndi zotonthozera mwana, n'kumuuza wophunzira kuti aziyimbe mokweza, amve yekha mawu amene akubwerabwera, kenako n'kumuuza dzina lake la chinthucho. Tsiku lina madzulo agogo ake atamva akuyimba anamuthandiza mavume, ndipo anamuonjezera nyimbo zina ziwiri zakwathu ku Ntcheu. Kuchokera tsikulo sanavutikenso ndi chibwereza.

Gawo losiyanitsa chifanifani ndi chining'a nalonso lalembedwa bwino. "Wakuda ngati khala" pali kufanizira koonekeratu chifukwa cha mawu oti "ngati", pamene "watsikira kulichete" tanthauzo lake labisika, ndipo uyenera kulidziwa kapena kulifukula. Ine ndemwe kusukulu ndinkazisakaniza ziwirizi. Za mzere ndi ndime kangodutsapo mwachidule, ndipo n'zokwanira. Koma pa woyankhula ndi woyankhulidwa kafatsa, kakubwereza kangapo kuti amene akudandaula m'ndakatulo si mlakatuli nthawi zonse: bambo akhoza kulemba ngati mayi wamasiye amene walandidwa katundu. Ana ambiri amataya malikisi pomwepa.

Chimene chandikhumudwitsa ndi mafunso a kumapeto. Alipo ambiri ndithu, koma mayankho ake palibe. Kholo limene linasiya sukulu kalekale lingadziwe bwanji ngati mwana wakhoza? Ife tinachita kupempha aphunzitsi ake kuti azimuchongera Lachisanu, ndipo si mwana aliyense amene ali ndi mwayi umenewu. Komanso kamangidwe kake n'kofooka. Sabata yachitatu yomwe masamba apakati anayamba kuthothoka, moti ndinachita kukasoka ndi ulusi. Osindikiza akonze zimenezi, chifukwa buku la mwana wasukulu limagona m'chikwama limodzi ndi mbatata.

Gawo lomaliza limamulimbikitsa wophunzira kulemba yake ndi kuilakatula pagulu. Wanga analemba ya ndime zitatu yokhudza njala ya mwezi wa Febuluwale, ndipo anatilakatulira pakhonde magetsi atazima. Mayi ake anapukuta misozi. Makolo amene muli ndi ana a Fomu 3 gulani msanga, musadikire Fomu 4 ngati mmene ndinachitira ine, ndipo mukagula mukakutire ndi pepala lolimba tsiku lomwelo.