Ndemanga: Buena Vista Social Club yotulutsidwanso, ya ma CD awiri

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha wogulitsa, nyimbozo zilibe mlandu.

Chimene ndinagula ndi chimbale cha Buena Vista Social Club, gulu la oimba achikulire a ku Cuba, chimene chinatulukanso mu 2021 pokumbukira kuti patha zaka 25 chijambulireni, cha ma CD awiri m'chikuto chonga buku. Kuno ku Ulónguè katundu wotere simungamupeze m'sitolo, ambirife nyimbo timakaikitsa mu memory card kumsika. Ndiye ndinapempha alamu anga a ku Johannesburg kuti aitanitse pa intaneti, iwo n'kupatsira dalaivala wa thiraki wodzera ku Cuchamano mpaka ku Tete, kuchoka apo chinakwera chapa, minibasi ya kuno. Wogulitsayo anachedwa kutumiza kupitirira nthawi imene analonjeza, ndipo anakulunga mwaulesi moti chikutocho chinafika kwa alamu chitaphwanyika kale pakona. Mwayi wake ma CD anali osakandika.

Ndinagulira malume anga. Iwo ndi mmodzi mwa ana a ku Mozambique amene boma la Samora Machel linayamba kutumiza ku Cuba mu 1977 kukaphunzira pa chilumba cha Isla de la Juventud, ndipo Chisipanishi amachimva bwino mpaka lero. Ali ndi wailesi yakale ya masipika awiri akuluakulu, ndiyo tikumvetserapo.

CD yoyamba ili ndi nyimbo 14 zomwe zija za mu 1997, koma mawu ake anawakonzanso. Nyimbo zimenezi ndinali nazo kale mu foni, zokopetsa kumsika, choncho kusiyana kwake ndinakumva msanga. Mu zakumsika zija besi imamveka ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yoyandikana nayo. Pano besi ya Orlando "Cachaíto" López ikumveka chingwe chilichonse pachokha, ndipo mukakweza pang'ono makapu a m'kabati amayamba kunjenjemera. Lipenga la Manuel "Guajiro" Mirabal silikulasa m'khutu. Piyano ya Rubén González, mkulu wobadwa mu 1919 amene anali atapuma kale pa zoimba pamene ankamuitana, ikumveka mpaka tizala take tothamanga chakumapeto kwa mzere, timene mu foni timasowa osadziwika kuti tinalipo. Mu "Dos Gardenias" mumamva Ibrahim Ferrer akukoka mpweya asanayambe mzere wina. Zonsezi zinajambulidwa mu March 1996 ku situdiyo ya EGREM ku Havana, oimba ali m'chipinda chimodzi, ndipo chipindacho chikumveka kukula kwake.

Koma chifukwa chenicheni chogulira ndi CD yachiwiri. Muli nyimbo zimene zinajambulidwa masiku omwewo koma n'kusiyidwa, komanso zina zodziwika kale zoimbidwa mwanjira ina. Imene yandigwira mtima ndi "Vicenta", yoimba Eliades Ochoa ndi Compay Segundo. Compay anabadwa mu 1907, ndiye kuti pojambulapo anali atayandikira zaka 90, koma mawu ake apansi aja akugwira nyimbo yonse osagwedera, Ochoa akuuluka pamwamba. Ndinaibwereza mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati CD yakakamira. Sikuti zonse mu CD imeneyi n'zofanana mphamvu. Zina zikuchita kumveka kuti oimba anali akufunafuna njira, ndipo mukumvetsa chifukwa chimene Ry Cooder, Nick Gold ndi Juan de Marcos González, amene ankatsogolera ntchito yojambulayi, anazisiyira panthawiyo. Ine zimenezo ndikuzikonda chimodzimodzi, chifukwa zikusonyeza mmene madala aja ankagwirira ntchito: wina ayamba, wina alowa mochedwa, kenako onse agwirizana. Koma amene sanamvepo gululi ayambe ndi CD yoyamba, aizolowere kaye.

Malume atamva koyamba anaseka. "Mphwanga, izi n'za agogo. Ife pachilumba paja tinkavina nyimbo za gulu la Los Van Van." Akunena zoona, nyimbo za son ndi danzón zamtundu umenewu zinali zachikale ngakhale nthawi yawoyo. Komabe m'kati mwa "Chan Chan" anayamba kunditchulira matauni a m'nyimbomo, Alto Cedro, Marcané, Cueto ndi Mayarí, n'kundifotokozera kuti onsewo ali kum'mawa kwa Cuba, kutali ndi kumene iwo ankakhala. Chipwitikizi changa chimandithandiza kutola mawu apa ndi apo, otsalawo amandimasulira ndi iwo, ndipo CD yachiwiri imene ankati n'ja agogo ndiyo ikukhalitsa m'wailesi mwawo.

Pali chinthu chimodzi chimene okonda nyimbo za kwathu kuno ayenera kudziwa. Poyamba cholinga chinali choti oimba a ku Mali, Bassekou Kouyaté ndi Djelimady Tounkara, apite ku Havana akaimbe limodzi ndi a ku Cuba. Mapepala a ulendo sanatheke, ndiye ojambulawo anangosonkhanitsa madala amene analipo. Chimbale chobadwa mwangozi chimenechi chinapata mphoto ya Grammy mu 1998, ndipo ganizo loyamba lija linadzatheka mu 2010 ndi chimbale cha AfroCubism. Ubale umenewu si wongopeka. Rumba ya ku Congo imene timavina m'maukwati ndi m'mabaraka a ku Angónia kuno inamera pa nyimbo za ku Cuba zimene zinkamveka ku Kinshasa nthawi ya Grand Kallé ndi Franco asanatchuke. Aliyense amene anakula akumva rumba adzazindikira kayendedwe ka magitala amenewa asanamalize nyimbo yoyamba.

Kabuku ka m'kati kali ndi zithunzi zabwino, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri mwa anthu a pazithunzipo anapita: Compay ndi Rubén mu 2003, Ibrahim mu 2005, Cachaíto mu 2009.

Kwa ofuna kugula, malangizo anga ndi awa. Ngati mumamvetsera pa sipika ya foni kapena kasipika ka Bluetooth kam'thumba, musataye meticais anu, chifukwa zonse zimene ndatamanda pamwambapa simudzazimva. Ngati muli ndi wailesi ya masipika olongosoka kapena mahedifoni abwino, gulani, ndipo onetsetsani kuti ndi ya 2021 ya ma CD awiri, popeza yakale ya CD imodzi ikugulitsidwabe ndi chithunzi chofanana pachikuto. Muuzeni wogulitsa akulunge m'katoni yolimba, si envulopu, chifukwa katundu wobwera kuno amatsika thiraki n'kukwera chapa pakati pa matumba a mbatata.