Sepitiki yathu patatha madzinja awiri: tanki ndi yabwino, koma dothi lakana

Mnzanga wina wagula poloti ku Area 49 ndipo wandifunsa ngati angatenge mmisiri amene anatimangira sepitiki. Funso lakelo lafika sabata yomwe ndalipiranso a galimoto yopopa zimbudzi, ndiye ndati ndiyankhe pano kuti ena omwe akumanga muno mu Lilongwe amve nawo.

Tankiyo payokha ndilibe nayo chifukwa. Ili ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu momwe zolemera zimakhazikika pansi, chachiwiri chotulutsa madzi okha. Siinang'ambike paliponse, zivindikiro zimatseka bwino, paipi ya mpweya imagwira ntchito. Kuyambira Meyi mpaka Novembala simungadziwe n'komwe kuti kuseri kuli sepitiki.

Za chilolezo zinayendanso bwino. Khonsolo ya mzinda imafuna kuti pulani ivomerezedwe musanayambe kumanga, ndipo pa pulanipo pazioneka pomwe tanki ndi soakaway (dzenje lolandira madzi otuluka m'tanki kuti alowe m'nthaka) zikhale. Azaumoyo amalangiza kuti soakaway italikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Lamulo limenelo ndimalilemekeza, chifukwa aneba athu amamwa madzi a pachitsime, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nyumba zambiri mu Lilongwe sizinalumikizidwe ku mapaipi a suweji opita kumalo oyeretsera madzi a zonyansa kwa Kauma, choncho zonyansa zathu zimathera m'nthaka yomweyi yomwe ena akutungamo madzi. Koma pulani yovomerezeka ndi pepala. Amene amaona dothi ndi maso ndi munthu wogwira fosholo, ndipo apa ndi pomwe pagona dandaulo langa.

Poloti yathu inatsetserekera kudambo. Kumtunda kuli katondo wofiira, kumunsi kuli makande akuda, aja amang'aluka m'chilimwe n'kumata ngati phula mvula ikagwa. Mmisiri anakumba soakaway kumunsi, mu Okutobala, nthaka ili gwa. Nditafunsa ngati sitiyenera kuyesa kaye mmene dothi likumwera madzi, anati, "Bwana, ndamanga zambirimbiri, tingokumba mozama basi." Anakumbadi mozama, n'kudzazamo miyala.

Kuzamako ndi komwe kunatipweteka. M'Januwale madzi a pansi pa nthaka amakwera, ndiye dzenje lija limadzaza lokha ndi madzi a dambo, a m'tanki n'kusowa kolowera. Zimayamba pang'onopang'ono. Mukagejemula, madzi amakwera mpaka m'milomo ya chimbudzi, n'kumatsika monyinyirika uku kukumveka gubudu gubudu m'bafa. Kenaka kuseri kwa nyumba kumabwera chithaphwi chotuwa, udzu wa pamenepo n'kubiriwira kuposa pena paliponse, ntchentche zili ng'waa. Ana tinawaletsa kusewera mbali imeneyo, ndipo mayi a kunyumba anasamutsa chingwe choyanikapo zovala. Mlendo akabwera mtima umakhala m'mwamba kuti asapemphe kopita.

Sepitiki yoyenda bwino imatha zaka isanafune kupopedwa. Yathu imapopedwa kangapo dzinja lililonse, ndipo chimene tikulipirira kwenikweni ndi madzi a mvula. Woyendetsa galimoto yopopa ndi amene anandiuza zoona. Atasuzumira m'tanki anati, "Bambo, matope ndi ochepa muno. Taonani, madzi akubwerera kuchokera ku soakaway." Ndinaonadi ndi maso anga paipi yotulutsira ikulowetsa madzi m'malo motulutsa.

Kuyesa dothi kuja sikufuna ndalama zambiri. Mumakumba kadzenje pamalo pomwe mukufuna soakaway, n'kuthiramo madzi kuti dothi likhute, mawa lake n'kuthiranso ndi kuona mmene akutsikira. Akagona momwemo osaphwa, malowo akana. Ndipo funsani aneba kuti madzi a m'zitsime zawo amafika pati mu Febuluwale. Pa makande, mmisiri wina watiuza kuti chothandiza ndi ngalande zazitali zosazama, zoyalamo miyala ndi paipi yoboolaboola, cha kumtunda komwe kuli katondo, komanso kupatutsa madzi a kubafa ndi ochapira kuti asamadzaze tanki.

Masiku ena, makamaka kukaunika dzuwa la Juni, ndimakhululuka, ndimati ntchito ya njerwa ndi simenti munthuyu amaidziwa. Koma lisiti la opopa likafika, mtima umawawa, chifukwa ndalama zomwe zapita kumeneko zikanakumbitsa kale ngalande zija.

Ndinamuimbira foni mmisiri wathuyo. Poyamba anati vuto ndi mvula, ngati kuti ku Malawi mvula ndi yachilendo. Kenaka anabwera, anaona chithaphwicho, anavomera kuti adzakumba ngalande popanda kulipiritsa ntchito ya manja, koma miyala, mapaipi ndi thiransipoti zikhale zanga. Anati abwera mvula ikatha. Mvula ya dzinja loyamba inatha, lachiwiri ili likupita kumapeto, ndipo tsopano foni amayankha mwa apo ndi apo.

Ndiye achimwene a ku Area 49, mutha kumutenga kuti akumangireni tanki, koma malo a soakaway asasankhe yekha. Yesani dothi ali pomwepo, mulemberane kuti madzi akabwerera adzakonza ndi ndalama zake, ndipo gawo lomaliza la malipiro mudzamupatse mu Epulo, sepitikiyo itadutsa dzinja lathunthu.